Adada Chavula a Mkokomo wa Kaning'ina

Tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, kukugwa mawawa. Pamwambo wonse palibe amene anatchula gitala. M'busa, mnyamata wongobwera kumene mumzinda muno, anati a Yotamu Chavula anali mmisiri wokonza mawailesi, munthu wofatsa wosakonda zolankhula. Za umisiri ananena zoona. Za kufatsa anawanamizira. Ine ndinakhala nawo khonde limodzi ku Mchengautuwa kwa zaka zambiri, ine ndi makina anga osokera mbali ino, iwo ndi tebulo la mawailesi mbali inayo, ndipo dzuwa silinkalowa asanakangane ndi munthu.

Nditangofika kuchokera ku Ntcheu, ndisanadziwe n'komwe kuyankha moni wa Chitumbuka, anandiyang'ana ndikupalasa makina n'kunena kuti phazi langa limathamanga. Ndinkayesa akunena za msoko. Iwo ankanena za kalilidwe ka makinawo. Anati ndikayamba ndimayenda bwino, koma ndikamayandikira kumapeto kwa nsalu ndimafulumira ngati munthu woti waona basi ikunyamuka, ndipo zimenezo zimawapweteka mutu.

"NyaNtcheu, mukusoka kapena mukuthawa?"

"Adada, mwini diresi akudikira."

"Adikire. Ng'oma sithamangira wovina."

Dzina limenelo la NyaNtcheu linandikanirira mpaka lero. Langa lenileni sindikukhulupirira kuti analitchulapo.

Ankabwera m'mawa nkhungu isanachoke, atavala jekete lakuda lomwe lija, kaya ndi m'nyengo yozizira kaya ya dzuwa. Zikhadabo za dzanja lamanja ankazisiya zazitali, za lamanzere ankaziwenga mpaka pamnofu, ndipo akafunsidwa ankati n'zotolera tizitsulo ting'onoting'ono. Tiyi ankamwa ndi chinangwa chophika, buledi ankati ndi mphepo yokulunga m'pepala. Akamaliza kukonza wailesi ankaiyesa ndi nkhani kapena mauthenga a maliro. Ikatulukira nyimbo ankapendeketsa mutu, kumvetsera pang'ono, kenako n'kuzimitsa ngati yawatukwana.

Anyamata a situdiyo ya kuseri kwa golosale ndiwo ankawaona kwambiri. Akabweretsa sipika yawo yopserera, a Chavula ankaikonza bwinobwino, koma ulaliki unali wosathawika. Ankawauza kuti ng'oma yeniyeni imalira chifukwa pali nyama imene inafa kuti chikopa chipezeke, pamene za pakompyuta palibe chinafa, n'chifukwa chake sizimugwira munthu pachifuwa. Ankanenanso kuti gitala ndi mlendo kuno kwathu, ndipo mlendo amayamba wapereka moni kwa eni mudzi asanatsegule pakamwa. Anyamatawo ankaseka n'kumawatchula kuti agogo a kaseti. Mmodzi anawafunsa kuti ngati amadziwa choncho bwanji osaimba okha. A Chavula anangomupatsa sipika yake n'kuyang'ana kumsewu. 

Zoti anali ndi bandi ndinazimva kwa Che Saidi, mwini sitolo ya nsalu kumene ndimagula ulusi ndi mazipi. Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti ankadzera pakhonde pathu. Ankapatsana moni waulemu, "Monire adada," "Yewo, Che Saidi, muli uli," kenako mkangano n'kuyamba pomwe anausiyira sabata yatha. Ankakangana za nyimbo ina yotchedwa Mbawala, kuti ndani ankalowa mochedwa. Che Saidi ankati gitala ndiye inkachedwa. A Chavula ankati gitala ya besi ya Che Saidi inkayenda ngati ng'ombe yodwala mapazi. Amuna awiri aimvi, kutukwanizana chifukwa cha nyimbo imene panalibe wina aliyense pamsewu wonsewo amene anaimvapo.

Tsiku lina ndili m'sitolo ndinawafunsa Che Saidi kuti Mbawala ndi chiyani. Anasiya kuyeza nsalu.

"Sanakuuzeni? Mayi, munthu mwakhala naye uja anagwedeza Mzuzu yense. Kungoti sizinakhalitse."

Zinali zaka zoyambirira za matipate, pamene aliyense ankaona ngati pakamwa pamasuka ndipo chilichonse n'chotheka. A Chavula anali atabwerera kuchokera ku Zambia, kumene anakhala zaka zingapo akugwira ntchito m'tauni za migodi. Anabwera ndi gitala yamagetsi yofiira, ampulifaya yakale, ndi nyimbo za roko m'mutu, zija gitala imalira mokalipa ngati ikung'ambika. Koma iwo sankafuna kuimba ngati a ku Zambia kapena azungu. Ankafuna gitala yokalipayo ikhale pamwamba pa ng'oma za vimbuza, ndi visekese, ndi nyimbo za pamtondo zimene amayi awo ankaimba ku Rumphi.

Anasonkhana asanu. Che Saidi ankaimba besi mobisira bambo awo, wamalonda wochokera ku Mangochi amene sankafuna kumva za mabandi, choncho gitalayo inkagona m'katikati mwa mabelo a nsalu. Penjani, mphwawo wa a Chavula, ankaimba ng'oma za bandi. Mkulu wina, a Nyasulu, amene anakulira m'nyumba za asing'anga akuimba ng'oma za vimbuza, anavomera kulowa atakakamizidwa kwambiri. Ndipo mawu anali a NyaMhango, mkazi wa a Chavula. Ankaphunzirira m'shedi ya matabwa ku Kaning'ina, m'mphepete mwa nkhalango, chifukwa kumeneko kunalibe wodandaula za phokoso kupatula anyani. Anthu odzatola nkhuni akamva kugunda kuchokera m'mitengo ankati kwayamba mkokomo, ndipo dzina la bandi linachokera pomwepo: Mkokomo wa Kaning'ina.

Che Saidi akafika pa NyaMhango ankatsitsa mawu. Anati anali mkazi wamfupi, wamanyazi, woti pamsika sungamuzindikire, koma akagwira chisekese n'kutseka maso mawu ake ankadutsa pamwamba pa ampulifaya. Ali mtsikana anadwalapo vimbuza, anavinitsidwa n'kuchira, choncho nyimbozo sankaziimba ngati zophunzira. A mpingo anawaitana kawiri awiriwo kuwachenjeza kuti asiye kusewera ndi mizimu. A Chavula anawayankha kuti ng'oma imene Mulungu amadana nayo aionetse m'Baibulo. A mpingowo anawaimitsa pa mgonero. Asing'anga nawonso sanakondwe, ankati ng'oma za odwala si zovinira oledzera. Bandiyo inalibe mbali imene inaikonda, kupatula anthu wamba, amene anayamba kuitsatira kulikonse: m'mabala, pa maukwati, ku Ekwendeni, ku Nkhata Bay.

Inakhala mvula ziwiri zokha.

Pamene ine ndinkawadziwa a Chavula, gitala yofiira ija inali ilipo koma yopanda nsambo. Ndinaiona kamodzi kunyumba kwawo atadwala malungo, itatsamira kuseri kwa chitseko. Nsambozo anazichotsa imodziimodzi n'kupangira maeriyo a mawailesi a anthu. Anandiuza okha, akuseka, kuti pali nyumba zisanu ndi imodzi ku Mchengautuwa zimene zinkamvera mpira kudzera m'gitala yawo. Sindinaseke nawo.

Za tsiku limene bandi inatha anandiuza kamodzi kokha, masana ena magetsi atazima, inenso ndilibe chosoka. Sindinawafunse. Anangoyamba, maso ali pa wailesi yotsegula m'mimba.

Linali Loweruka masana, mu holo yaikulu ya m'tauni. Aka kanali koyamba kuti Mkokomo uimbe mu holo, osati m'bala, ndipo anthu anadzaza mpaka ena kukwera m'mawindo. NyaMhango anali ndi pakati pa mwana wachiwiri, mimba itakula ndithu. Kwa masiku angapo ankadandaula mutu, mapazi atatupa moti nsapato sizinkalowa, ndipo m'mawa wa tsikulo ananena kuti akuona tinyenyezi m'maso. A Chavula anamuuza kuti aimbe nyimbo zochepa chabe kenako akhale pansi. Mwana wawo woyamba, Tiwonge, amene anali asanayambe sukulu, anamukhazika pampando wa kutsogolo.

Atafika pa Mbawala, holo yonse inaimirira. Pakati pa nyimboyo NyaMhango anasiya kuimba. Chisekese chinagwa. Anaima ngati akumvetsera munthu womuitana patali, kenako anagwa chagada n'kuyamba kunjenjemera thupi lonse, miyendo ikumenya matabwa.

Anthu anakuwa ndi chimwemwe. Ankayesa ndi mbali ya sewero, kapena kuti vimbuza zamugwiradi pamaso pawo, zimene ambiri anabwera kudzaona. A Nyasulu anakweza mutu n'kufuula kuti ng'oma zisaleke, chifukwa mwambo wake ndi wotero: mzimu ukatsika suusiya panjira, umauimbira mpaka utakhuta n'kumusiya munthu. Che Saidi yekha ndiye anavula besi n'kuthamangira pamene panagona mayiyo. Anaona thovu losakanikirana ndi magazi kukamwa, natembenuka kukuwira a Chavula kuti aleke. A Chavula anamuona. Anapitiriza kuimba.

"Ndinamuona Saidi akukweza manja," anatero a Chavula. "Ndinamuona Tiwonge ataimirira pampando. Zala zinkangoyenda."

"Munkayesa ndi vimbuza, adada. Aliyense akanayesa choncho."

"Enya, ndimawauza choncho anthu. Mwina n'zoona. Koma NyaNtcheu, holo ija inali itadzaza. Chibadwire sindinamvepo anthu akukuwa chomwecho chifukwa cha ine. Ndinakondwa chomene. Mkazi wanga ali pansi, ine ndinakondwa. Ndiye ndikati ndinkatsata mwambo, sindidziwa ngati ndikunena zoona."

Nyimboyo inali yaitali. Pamene Che Saidi anazula waya wa ampulifaya kukhoma, NyaMhango anali atagwidwa kachiwiri. Kupeza galimoto kunatenganso nthawi chifukwa anthu anali atatseka khomo, ena akuvinabe. Kuchipatala anawauza kuti sizinali za mizimu, anali matenda a amayi oyembekezera, aja magazi amathamanga kwambiri mpaka munthu kukomoka, ndipo akanafika naye msanga mwina akanayesapo kanthu. Mwana anafera m'mimba. NyaMhango anatsatira kutacha, osatsegulanso maso.

Atamaliza kundiuza anatenga sikuludiraiva n'kuyamba kumanga wailesi imene anali asanaikonze. Magetsi anali asanayake.

Zotsatira zake ndinazitolera kwa Che Saidi. Pamaliro abale a NyaMhango anakana kuti a Chavula alankhule. A mpingo anati Mulungu wayankha. Asing'anga anati mizimu yayankha. A Nyasulu anabwerera kumudzi n'kumwalira chaka chisanathe, akuti sanagwirenso ng'oma. Penjani anapita ku Joni, analemberako kangapo, kenako zii, mpaka lero palibe akudziwa ngati ali moyo. Che Saidi anagulitsa besi n'kukhala pasitolo ya bambo awo. Tiwonge anatengedwa ndi mayi ake aang'ono ku Salisbury Lines, poyamba kuti akhale masabata angapo. A Chavula atapita kukamutenga, mwanayo anabisala kunsi kwa bedi. Anapitanso, anabisalanso. Kachitatu sanapite. Tiwonge anakulira mumzinda womwewo, mtunda woyenda pansi, ndipo akakumana pamsika mtsikanayo ankawoloka msewu.

Ndinawafunsapo Che Saidi chifukwa chimene ankabwererabe Lachisanu lililonse kwa munthu amene anamukuwira kuti aleke koma osaleka.

"Ndikapanda kupita ine apita ndani?" anatero. "Komanso ndi iye yekha amene akudziwa kuti ndinali woimba."

Tiwonge anabwera pakhonde pathu kamodzi, zaka zitatu kapena zinayi zapitazo. Anali mayi wamkulu ndithu, mphunzitsi, atavala chitenje cha kwaya ya amayi. Ine sindinamudziwe. Ndinangoona a Chavula akuimirira mofulumira mpaka kugwetsa chitini cha tizitsulo. Mayiyo sanakhale pansi ngakhale ndinamupatsa mpando.

"Monire adada."

"Yewo, mwana wane. Muli uli?"

"Ndili bwino. Sindikhalitsa. Mwana wanga wandifunsa kuti agogo ake aakazi ankaimba bwanji, ndipo ine ndapeza kuti mawu awo ndaiwala. Ndimakumbukira miyendo yokha ikumenya matabwa. Che Saidi akuti muli ndi kaseti."

Inalipodi. Anajambula kamodzi m'shedi ya ku Kaning'ina ndi wailesi ya kaseti, ndipo ndi yokhayo imene Mkokomo unasiya padziko. A Chavula anali asanaiimbe chimwalirire mkazi wawo. Anathamangira kunyumba, munthu woti mawondo ankamuvuta, n'kubwera nayo itakulungidwa mu mpango. Anasankha wailesi yabwino pa zonse zimene zinali patebulo, anaipukuta mkati ndi thonje. Ine ndinasiya kusoka.

Kunamveka kufwenthera, kenako kugunda kwa ng'oma kochokera kutali ngati kuseri kwa phiri. Kunamveka mwamuna akuseka, ndipo a Chavula ananong'ona kuti ndi Penjani. Gitala inalowa, yokhotakhota ngati yoledzera. Tonse tinadikira mawu a mayi. Pamalo pamene anayenera kulowa, phokoso linatsika, linakoka, kenako wailesi inayamba kutafuna tepi. A Chavula anazimitsa msanga n'kutsegula. Tepiyo inali itachita chuku ndi chinyezi cha zaka zonsezo, inamatirirana, ndipo pamene ankaikoka pang'onopang'ono utoto wake wakuda unkatsalira pa zala zawo. Anayesa kudula ndi kulumikiza. Anayesa kutsogolo, anayesa mbali inayo. Paliponse zinali chimodzimodzi.

Tiwonge anaimirira nthawi yonseyo, chikwama chili m'khwapa.

"Ndikonza," anatero a Chavula. "Mundipatse sabata. Ndakonzapo zoipa kuposa iyi."

"Mukanaiimba ngakhale kamodzi pachaka sikanafa," anatero Tiwonge. Sananene mokalipa. "Zikomo adada. Khalani makora."

"Ndikhoza kukuimbirani ine mmene ankaimbira."

"Yayi."

Anatsika khonde n'kupita. A Chavula anakhala ndi kasetiyo mwezi wathunthu, akuiumitsa padzuwa, akuisamutsira m'chikombole china, akukana ntchito za anthu. Palibe chinatuluka. Tsiku lina ndinaona tepi ikuuluka pa waya wa mpanda, ana atayimwaza, ndipo sindinafunse.

Kuyambira pamenepo anayamba kuchepa. Ntchito nayo inali itatha kale, chifukwa anthu anasamukira ku mafoni ndipo wailesi ikafa amangogula ina. Ankabwerabe m'mawa uliwonse n'kukhala kuseri kwa mulu wa mawailesi amene eni ake sanabwere kudzatenga. Anyamata a situdiyo akadutsa sankawaitananso. Phazi langa linkathamanga mmene likufunira, osamva kanthu. Lachisanu lina Che Saidi anayambitsa dala za Mbawala, kuti gitala inkachedwa. A Chavula anati, "Mwina inkachedwadi." Che Saidi anangotsanzika. Ndinawaona akupukuta maso ndi kofia atafika pamsewu.

A Chavula anadwala chifuwa nyengo yozizira ino. Ine ndi mkazi wa Che Saidi tinkasinthana kuwapititsira phala. Uthenga tinatumiza ku Salisbury Lines, ndipo Tiwonge anatumiza bulangete ndi mankhwala kudzera mwa mwamuna wake. Iye anabwera atamva kuti zatha. Maliro anayendetsa bwino, palibe chinasowa. Kwaya yake ndiyo inaimba kumanda, ndipo iye anaima pakati pawo osatsegula pakamwa. Che Saidi anapempha kuti anenepo mawu ochepa za bandi. Tiwonge anati pulogalamu yadzaza kale. Gitala ija abale ataitulutsa pogawa katundu inapezeka kuti chiswe chadya khosi lonse, ndipo anaiponya kudzala pamodzi ndi matiresi.

Dzulo mwini nyumba anabwera ndi ngolo n'kuchotsa tebulo ndi mawailesi onse, anagulitsa kwa ogula zitsulo. Akuti mwezi wamawa pabwera mtsikana wotumiza ndalama pafoni. Pakadali pano mbali inayo ya khonde palibe kanthu. Pasimenti patsala mabowo anayi pamene miyendo ya tebulo inadya pansi, ndi timadontho ta mtovu tonyezimira timene tsache lalephera kuchotsa. Khoma pamene ankatsamira ndi lakuda ndi mafuta a m'mutu, ndipo m'mwamba muli msomali umodzi wopindika.

Lero m'mawa mawawa anabwera ndi mphepo yochokera kumapiri, ndipo kwa nthawi yoyamba anafika mpaka pa makina anga n'kunyowetsa nsalu ya mwini wake. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti mphepo ya pakhonde pano imalowera mbali imene ankakhala a Chavula. Ndakokera makina kukhoma, koma ikundipezabe.